Nyambo ya M'firiji ya a Alwyn

"Achimwene, zapita kuti?" Bronwyn anafunsa, dzanja lili pachivundikiro cha firiji ya m'galaja.

M'firijimo munali mutadzaza mbale za aneba: nyama ya nkhosa, makeke, mapayi. Chimwalirireni bambo awo, a Alwyn Burridge, anthu a mumsewu wawo muno mu Hobart ankangobweretsa zakudya ngati namfedwa ali ndi mimba khumi.

"Ziti?" anatero Fergus, mchimwene wake, uku akutafuna.

"Mapaipi awiri aja, okulunga m'pulasitiki ya buluu."

"Nyambo ya nsomba ija? Ndataya kuseri m'mawa. Payi ya Mayi Hanlon inasowa malo."

Bronwyn anatseka chivundikiro chija.

A Alwyn anatha zaka makumi atatu akuboola madzi oundana ku Antarctica. Ayisi wa pansi penipeni amasunga timathovu ta mpweya wa tsiku limene chipale chofewa chinagwa, ndipo akatswiri akamuyeza amadziwa momwe dziko linkazizirira kalelo. M'mapaipi awiriwo munali zotsala za dzenje lawo lomaliza, ayisi wa nthawi imene mapiri a Tasmania omwewa anali atakwiririka m'chisanu. Ayisi wina yense wa m'dzenjelo anali atatha kale poyeza. Ali m'chipatala, a Alwyn anagwira mkono wa Bronwyn n'kumulumbiritsa kuti akapereke mapaipiwo kwa mnzawo wa kuntchito, yemwe anali atapeza makina atsopano oyezera. Fergus panalibe. Iye amagwira ntchito kumigodi ya kumadzulo, ndipo anatulukira bokosi la maliro litatsekedwa kale.

Bronwyn anathamangira kuseri kwa galaja. Dzuwa la Januwale linali litaswa mtengo. Paipi yoyamba inali yopanda kanthu, madzi ake atamwedwa ndi mtengo wa mandimu. Atapendeka yachiwiri, kachidutswa kukula ngati dzira kanagwera m'manja mwake, kakudontha.

"Zaka zikwi makumi awiri, Fergus!" Apa ulemu wa uchimwene unali utathawa. "Zaka zikwi makumi awiri, iwe wazisungunula chifukwa cha payi!"

"Ndikanadziwa bwanji? Adadi eni ake ankati ndi nyambo!"

"Ukanabwera kuchipatala ukanadziwa."

"Ndinapempha tchuthi, anandikaniza. Ukufuna ndinene kangati?"

"Zaka zitatu zonsezi akukukaniza?"

Fergus anayang'ana sangweji imene inali m'dzanja lake ngati sakuidziwa, n'kuiika pampanda. Mwamuna wamkulu ngati uja, nkhope inali itatuwa ndi mantha. Zinali zomvetsa chisoni kumuona.

Mayi awo, a Noreen, anatuluka m'khitchini akupukuta manja. Anayang'ana mapaipi, anayang'ana dothi lonyowa, kenako anatsamira khoma. Kwa kanthawi ana onse awiri anaganiza kuti akomoka.

"Bambo anu ankanamiza aliyense kuti ndi nyambo," anatero pamapeto pake, "kuopa anzawo a kumowa angaponye ayisiyo m'matambula. Bodza lawo lomwe lawadya."

"Amayi, ndipatseni makiyi a galimoto," anatero Bronwyn. "Ndikathamanga mwina kafika kwa mnzawo wa adadi uja."

"Kangayezeke kameneko?"

Bronwyn anakayang'ana. Kanali katang'aluka pakati, madzi ataloweramo. Anali atakula akumva bambo ake akunena kuti ayisi wotere ndi wakufa. Anapukusa mutu, misozi n'kuyamba kutsika.

"Bwera nako kuno, mwanawe, kasanathere m'manja."

Onse analowa m'khitchini. A Noreen anakankhira mbale za aneba kumbali, n'kutenga tambula yagalasi, kuthiramo madzi pang'ono. Anazimitsa wailesi, natseka zenera.

"Ponya. Ndipo nonse mutseke pakamwa."

Kachidutswa kaja kanamira, n'kuyandama. Kenako kanayamba kulira, tseketseke, the, the, the, ngati mafuta akamayamba kutentha m'poto. Unali mpweya wakalekale uja ukutuluka m'timathovu.

A Noreen sanaike tambulayo kukhutu kwawo. Sanapatsenso Bronwyn. Anaipereka kwa Fergus, yemwe anabisa manja kumbuyo.

"Ayi amayi, ine si woyenera."

"Landira, iwe. Unabadwa bambo ako ali kuchisanuko, sitima yapamadzi yowatenga itatsala miyezi itatu kuti ibwere. Atandiimbira, sanandifunse n'komwe kuti ndili bwanji, munthu wovuta uja. Anangoti, 'Noreen, muyandikitse mwanayo.' Ndiye anaika tambula ya ayisi ngati iyi pacholankhulira, kuti mawu oyamba oti umve kuchokera kwa iwo akhale amenewa."

Fergus analandira ndi manja awiri. Anaiyandikitsa kukhutu, madzi n'kumwazikira pamalaya amene anavala kumanda. Bronwyn anaima chiimire kwa kanthawi. Kenako anasendera, n'kugwira pansi pa tambulayo kuti isagwedezeke, naika khutu lake mbali inayo.