Siginecha ya Malemu

"Ndani anawaikira banki m'foni?" anafunsa mwana wachisamba, atanyamula foni ya malemu bambo ake ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

Anali m'chipinda chomwe bambowo ankalemberamo zikwangwani za masitolo. Maliro anali atatha, anthu atabalalika, koma fungo la penti linali likadalipo. Mlongo wake ankatsuka maburashi m'chitini. Mayi awo anakhala pabenchi, maso ali pansi.

Mkuluyu sanali munthu woti n'kumuphimba m'maso. Anachoka pakhomo ndi kathumba ka pulasitiki, lero ali ndi malole akeake, pasipoti yodzaza zidindo mpaka kuchikuto. Mbava anaziona zamitundumitundu, zovala taye ndi zoyenda chosavala nsapato. Komanso bambo ake ankawadziwa bwino: munthu wovala jekete popita ku banki, wosaina mwakachetechete zilembo zokhotakhota mpaka wapakauntala kuitana anzake kuti adzaone.

"Anandipempha okha, achimwene," anatero mlongoyo.

"Okha? Bambo omwe aja ankati ndalama yosaigwira m'manja ndi mphepo? Ndiye nambala yachinsinsi uli nayo ndiwe, eti?"

"Ndilibe."

"Malata a panyumba yako aja ndawaona, ndi atsopano. Anagwa kumwamba?"

"Inuyo malole anu anagwa kumwamba?"

"Chabwino. Mawa akabwera amalume kudzagawa katundu, ndidzafunsa pamaso pa onse. Udzayankhe pomwepo."

Mlongoyo anasiya burashi. Mawu otere akatuluka pagulu la abale sabwezeka, ndipo onse awiri ankadziwa kuti ubale wawo udzathera pomwepo. Anayang'ana mayi awo ngati wopempha chilolezo. Mkuluyo anaona kuyang'anana kumeneko, mtima n'kumuuza kuti awiriwa adyera mbale imodzi.

"Anatiletsa kukuuza," mayiwo anayamba motsitsa mawu. "Chaka chatha anapita ku banki. Atasaina, kamtsikana ka pakauntala kanabweza pepala, akuti siginecha si yawo. Anasainanso, chimodzimodzi. Mzere wonse ukuyang'ana, ena mwa iwo eni masitolo omwe zikwangwani zawo anawalembera iwowo. Anabwera chimanjamanja, jekete ili pamkono. Tsiku lomwelo anaitanitsa mlongo wakoyu."

"Siginecha ya bambo ingasinthe bwanji?"

"Dzanja linkanjenjemera, mwanangu. Pafoni palibe wokuyang'ana. Ankadzitsekera muno n'kumadina pang'onopang'ono, kulakwitsa, kuyambiranso. Nambalayo ngakhale ine sanandiuze."

Mkuluyo anaseka kaseko kouma. Nkhani zokonzedwa bwino anazimvapo zambiri m'malire a mayiko.

"Nanga ine maso ndilibe? Ndinabwera kuno, tinapatsana moni. Dzanja lonjenjemera sindikanalimva?"

"Munabwera injini ikulira panja," anatero mlongo wake.

Mayi anadzuka pabenchi paja, natambasula dzanja lamanja ngati opereka moni, lamanzere litagwira mkonowo zolimba, mutu utawerama pang'ono.

Mkuluyo anauzindikira moniwo. Ndi momwe bambo anamulandirira ulendo womaliza uja, ndipo iye anachoka akuuza madalaivala ake kuti masiku ano ngakhale bambo ake omubereka amamupatsa moni wa manja awiri.

Mayi anangoima choncho, dzanja lili m'malere, mpaka iye analilandira.