A Yunus Akana Tulo

A Yunus, dalaivala wa minibasi ya Limbe, anadzuka m'mawa wina dzanja lamanja litafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse akazi awo, a Rania, ankawaperekeza kuchoka ku Mbayani kupita ku mafizo m'tauni.

Poyamba zinkayenda. Koma pofika sabata yachisanu, zala zomwe zinayamba kugwira supuni zinayambanso kuitaya. A Yunus ankapsa mtima msanga, pabenchi osakhazikika, maso ali psuu.

A Jacqueline, omwe ankawachititsa mafizowo, anawapatsa kampira koti afinye. Kanagwa katatu.

"Bambo, kunyumba mukumachita zimene ndinakuuzani?"

"Kuposa pamenepo. Munati kakhumi, ine ndimafikitsa handiredi."

"Nanga mumagona nthawi yanji?"

A Yunus anayang'ana kuwindo. Anayankha ndi a Rania: "Sagona awa, asisi. Amangozungulira pabalaza ndi ndodo mpaka kucha. Akayamba kuwodzera amasamba madzi ozizira kumaso."

"Matendawa anandipeza ndili m'tulo," anatero a Yunus mwaukali. "Ndikagonanso, dzanja latsalali ndidzalipeza?"

A Jacqueline anakoka mpando n'kukhala pafupi. "BP yanu tayeza, ili bwino, mankhwala mukumwa. Zimene dzanjali likuphunzira kuno, ubongo umazisunga mukagona. Mukapanda kugona, tizingoyambira pomwepomwepo. Gonani pompano. Ine ndilipo, adokotala ali khomo linalo."

A Yunus anagona chagada pabedi la mafizo uku akudandaula kuti fani ikusokosa, pilo ndi wouma. Kawiri konse anadzidzimuka n'kufumbata dzanja lamanzere kuti aone ngati likugwira. Kenaka mkonono unayamba.

Panja odwala ena a pamzere anayamba kung'ung'udza. A Jacqueline anatulutsa zipangizo n'kukawathandizira pakhonde. A Rania anatsala mkati, maso ali pachifuwa cha amuna awo.

Patatha ola ndi theka a Yunus anadzuka. Anagwedeza zala chimodzichimodzi, kenaka anapempha madzi.

Lachisanu anabwera atameta ndevu. Amene ankayasamula anali a Rania.

"Akumagona maola anayi," anatero, "koma pokhapokha ine ndikhale tsonga kumawayang'anira."

A Jacqueline anapukusa mutu n'kupempha nambala ya achimwene awo a a Yunus a ku Chilobwe, kuti azibwera kudzasinthana ndi a Rania usiku.