Mayi Wina Anati

Karima anachoka kuchipatala tsiku limenelo mtima uli wosakhazikika, chifukwa ankadziwa kuti wanama.

Amuna ake, a Binali, anali msodzi mpaka pamene sitiroko inawaumitsa mbali imodzi. Pachipatala chaching'ono cha kwawo panali tebulo la uphungu, pomwe a Lameck ankathandiza odwala pa mavuto omwe mankhwala sangathetse. Ndi iwowo amene anawalembera kalata a Binali mpaka njinga ya olumala inabwera kuchokera kuboma ku Salima.

Ndiye kunafika mayi wa kafukufuku, dzina lake Triza, wofuna kudziwa ngati tebulolo likuthandizadi anthu. Anamufunsa Karima pakhonde pomwepo, a Lameck ali chapafupi kulemba zawo. Funso lililonse Karima ankangoti, "Zonse zili bwino."

Atafika kunyumba anawafotokozera amuna ake.

"Mwachita bwino, amake Zahra," anatero a Binali, lilime likuwalemera. "Mukanadandaula, njingayi akanadzatilanda."

Patapita masiku anayi, Triza anatulukira pakabaza, Karima akuyanika usipa pathandala. Atapatsana moni anakhala pamkeka.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa," anatero Triza. "Anthu makumi atatu ndinawafunsa pakhonde paja, onse yankho limodzimodzi. Vuto ndi mafunsidwe anga. Ndani angadandaule za munthu amene anamuthandiza, mwiniwakeyo akumva?"

"Nanga tikalankhula, dzina lathu likafika kuti?" anafunsa a Binali.

Triza anatulutsa pepala la chilolezo n'kuliwerenga lonse m'Chichewa. "Dzina silipita kulikonse, bambo. M'malo mwake ndilemba nambala. Mawu amene ndijambule, a Lameck sadzawamva. Mukhoza kukana, kapena kusiyira panjira, ndipo njinga ikhalabe yanu, mankhwala muzilandira ngati kale."

"A Lameck sawachotsa ntchito?" anafunsa Karima. "Munthu uja ndi wabwino."

"Sitikuzenga munthu mlandu. Tikufuna tione pamene ntchitoyi ikuyenda ndi pamene ikutsimphina."

Karima anayang'ana amuna ake. Iwo anagwedeza mutu kuvomera, ndipo iye anadinda chala. Triza anafunsa ngati akufuna kulankhula ali yekha, koma Karima anati amuna ake akhale.

"Tebulo lija amatsegula Lachisanu lokha, chakumasana, nthawi ya Ijumaa anthu ali kumzikiti," Karima anayamba choncho. "Chachiwiri ndi khonde lija. Ine ndinafotokoza kuti abambowa sangathe kupita okha kuchimbudzi, mzere wonse wa kusikelo ukumva. Mawa lake nkhani inali itafika kudooko."

A Binali anawerama. Zimenezo anali asanazimvepo. Kenako anati, "Lembani zomwezo, mayi. Mnzanga wina asadzachititsidwe manyazi."

"Mlamu wanga Asiya ali ndi mwana wa khunyu," anapitiriza Karima, "koma patebulo paja sanapondepo. Akuti bola kuvutika."

"Anthu ngati amenewo ndi amene tikuwasowa," anatero Triza. "Kaundula wa chipatala amatiuza za obwera okha. Osabwerawo tikapanda kuwafunsa, chifukwa chawo tingachidziwe bwanji? Muwafunse kaye ngati angalole, ndisangowatulukira."

Asiya analola, n'kutchulanso anzake awiri.

Itatha miyezi isanu, a kafukufuku anaitanitsa msonkhano pachipatala kuti anthu amve zomwe zapezeka. Karima anakankha njinga ya amuna ake mpaka kutsogolo. Triza anayamba ndi zabwino, kuti ambiri ofika patebulo anathandizidwa. Kenako anawerenga: "Mayi wina anati, 'Mavuto a m'nyumba mwanga ndinawanena mzere wonse ukumva.'"

Karima anazindikira kuti ndi mawu ake. Koma palibe anamucheukira. Amayi atatu kumbuyo kwake ankanong'onezana, aliyense akuti mawuwo akunena za iye mwini.

A Lameck anaimirira. "Chipinda ndakhala ndikupempha kwa chaka," anatero. "Akuluakulu ankati ndi maganizo anga chabe. Lero pali umboni."

Mwezi wotsatira uphungu unasamukira m'kachipinda kokhala ndi chitseko, ndipo anayamba kutsegula Lachiwiri lomwe.

Akabwera a kafukufuku, funsani kuti mawu anu akupita kuti. Muli ndi ufulu wokana, ndipo chithandizo chanu sichingaime. Koma mukavomera, nenani zoona, zokoma ndi zowawa zomwe. Pamenepo ndi pomwe zinthu zimayambira kukonzeka.