Woyamba Kupondamo

Mtengo wa chitsulo utagwa, kampani ya migodi inachepetsa antchito, ndipo Overton anali m'gulu la oyamba kuuzidwa kuti asabwerenso. Kwa zaka zambiri ankayendetsa zimakina zokumba miyala kumpoto, ku Pilbara, koma iye ali khale pampando mu ofesi yozizira bwino ku Perth konkuno, maso pa sikirini, zala pa timitengo towongolera. Fumbi la kumgodiko sanalipumepo.

Ntchito itatha, zalazo zinasowa chogwira. Ankadzuka m'mawa ngati wopita kuntchito, n'kumazungulira m'nyumba, kutsegula firiji, kuitseka, kumasula mpopi wosawonongeka kuti aumangenso. Masiku ena ankakwera sitima ku Cannington, kusintha m'tauni, mpaka ku Fremantle. Kumeneko ankayang'ana zombo padoko n'kubwerera asanakhale pansi n'komwe. Mkazi wake Felesta, amene ankasamalira okalamba panyumba ina ku Murdoch, sankadandaula, koma ankati akamuona akuyendayenda pabalaza amamva chizungulire.

Amene anamuimbira foni anali Bennett, injiniya amene anachotsedwa naye limodzi. Bennett ndi anzake awiri anali atachita lendi shedi kuseri kwa Cannington, ndipo ankapanga makina ochotsera mabomba okwirira pansi, aja otsalira m'minda nkhondo ikatha. Makinawo anali aafupi, ofika m'chiuno, oyenda pa malamba achitsulo ngati kasinja. Kutsogolo anali ndi chigudumu cha maunyolo okhala ndi nyundo kumapeto. Chigudumucho chikamazungulira, nyundozo zinkamenya nthaka mpaka bomba lililonse lobisika liphulike kapena liphwanyike. Woyendetsa ankaima patali, bokosi la rimoti lili lende pachifuwa. Bennett ankafuna munthu wa zala zozolowera kuyendetsa chinthu asanachikwere, ndipo Overton anavomera foni isanathe.

Madzulo ake anauza Felesta. Nkhani za ntchito ankazikamba mosakaniza ndi Chingelezi, monga amachitira aliyense kuno, choncho anangoti Bennett wamuitana ku makina a mayini. Pa Chingelezi mawu amenewa ndi amodzi: mgodi ndi mayini, bomba lokwirira pansi ndi mayininso. Felesta, akumanga zingwe za nsapato kuti athamangire shifiti, anathokoza Mulungu kuti migodi yatsegukanso. Overton anaona pompo kuti mkazi wake wamva zina. Anatsegula pakamwa, kenaka anatseka.

Chomwe anatsekera chinali Davide. Felesta anabadwira ku Angonia, ndipo anathawira ku Ntcheu ali kamtsikana nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Mchimwene wake Davide anafa ndi bomba lotere. Zimenezi Overton anazimva kwa apongozi ake asanakwatire, ndipo m'zaka zonse za banja lawo Felesta sanazitchulepo. Overton anaganiza kuti amufotokozera mawa, akapuma.

Mawalo silinafike, ndipo Lamlungu nkhani inakula. Mkulu wa mpingo, a Paterson, analengeza kutsogolo kuti abale athokoze chifukwa a Overton abwerera kumgodi. Anthu anaomba m'manja. Potuluka azibambo anamuzungulira pamalo oimika magalimoto, kufunsa ngati chitsulo chakweranso mtengo. Goodwill, amene naye anachotsedwa ndipo tsopano ankatsuka mabasi, anamugwira mkono n'kumuuza kuti asadye yekha, akamutchuleko kwa mabwana ngakhale pa ntchito yosesa. Overton anaseka nawo, nati aona. Kuyambira tsiku limenelo mawu aja anasanduka kamwala mu nsapato.

Ntchito yokhayo ankaikonda. Ankapita ndi makinawo ku famu ina kuseri kwa mapiri a kum'mawa kwa mzinda, kumene Bennett ankakwirira mabomba abodza otulutsa utsi wokha. Overton anaphunzira kumva ndi khutu pamene unyolo waduka, ndiponso kutembenuza makinawo kumapeto kwa mzere osasiya mpata. Kwa nthawi yoyamba ankaona ndi maso ake chinthu chimene akuyendetsa, ndipo fumbi lake linkamulowa m'mphuno.

Kenaka Bennett anabwera ndi nkhani ina. Bungwe lina lochotsa mabomba m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique linali litagula makinawo, ndipo linkafuna munthu woti apite nawo kwa miyezi ingapo kukaphunzitsa oyendetsa a kumeneko. Bennett anati palibe wina woposa Overton, koma yankho likufunika makinawo asanakwezedwe m'chombo ku Fremantle. Overton ankafuna kupita, ndipo kufunako kunamudabwitsa kukula kwake. Koma sakanapita Felesta asanalole, ndipo sakanapempha chilolezo asanakonze mawu aja.

Anayambiranso kuzungulira pabalaza. Ankakonza ziganizo m'sitima, n'kuzitaya asanatsike. Tsiku lina anafika poyamba kunena kuti pali nkhani, Felesta n'kuimitsa kusita kuti amve, iye n'kumaliza ndi kufunsa ngati galimoto yathiridwa mafuta.

Amene anamasula zonse ndi mwana wawo Tasha, amene ankaphunzira unamwino ku Murdoch. Tasha anali atapitako kushedi kukatenga bambo ake, ndipo sankadziwa kuti kunyumba kuli chobisika. Loweruka lina akuchokera kogula zinthu ku Cannington, Felesta anakumbutsa mwamuna wake za Goodwill, nati mkazi wa Goodwill wamufunsanso ngati kumgodiko kwapezeka malo. Tasha, ali pampando wakumbuyo, anaseka. Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chingelezi cha kuno, ndipo m'Chingelezi chomwecho anauza mayi ake kuti si mayini okumba ayi, ndi aja ophulika munthu akaponda.

Overton anaima pa maloboti, n'kumayang'ana getsi lofiira ngati lili ndi zolemba.

"Mayini ake ati, bambo a Tasha?"

"Mabomba okwirira pansi."

Atangonena zimenezo, zonse zinatuluka nthawi imodzi: za shedi, za bungwe lija, za ulendo wa kumalire, za chombo. Koma chimene anabwerezabwereza chinali chimodzi, chakuti palibe choopsa. Iye sapondamo m'munda. Amaima patali, kuseri kwa chishango chachitsulo, ndipo chikaphulika chimaphulikira makina. Anati kunena zoona ntchitoyi siisiyana ndi ya mu ofesi ija, chifukwa munthu sukhudza nthaka.

Atafika kunyumba Felesta analowetsa katundu, naika chilichonse m'malo mwake. Sabata yonseyo ankapita kuntchito, kubwera, kuyankhula za magetsi ndi za mayeso a Tasha, koma za makina ayi. Overton ankayembekeza kukanizidwa, ndipo ankaona kuti bola kukanizidwako kusiyana ndi kudikira. Bennett anafunsa kawiri, iye n'kumangoti mayi akuganizabe.

Lachisanu Felesta anati akufuna akaone chinthucho chikugwira ntchito.

Anapita awiri m'mawa mwake. Kufamuko kunali mphepo youma, ndipo munda woyesera unali wozunguliridwa ndi zikhomo zofiira ndi chingwe. Bennett anamulandira Felesta mwaulemu, namupatsa chipewa ndi zotsekera m'makutu. Felesta anaima pamsewu wa miyala, osayandikira ngakhale udzu wa m'mbali. Overton anakoleka bokosi m'khosi, nalowa kuseri kwa chishango, nayatsa injini.

Anayendetsa bwino kuposa masiku onse. Makinawo analowa m'munda akulira, maunyolo akumenya nthaka, fumbi lili kobo. Apa ndi apo kautsi koyera kankatuluka pansi, kusonyeza kuti bomba labodza lagundidwa. Mizere inali yowongoka ngati yoyezera ndi chingwe. Atamaliza anabweza makinawo, nazimitsa, ndipo munda unatsala wofewa, wakuda, ngati wodikira mbewu.

Bennett anayamikira, napita kukaona maunyolo. Overton anayenda kupita pamene panali mkazi wake, bokosi likadali pachifuwa, n'kumuonetsa kutalika kwa mtunda pakati pa chishango ndi munda.

Felesta sanayang'ane chishangocho. Maso ake anali m'munda.

"Ndiye mukatha apa, amayamba kupondamo ndani?"

Overton anafotokoza kuti makina sagwira ntchito okha. Pambuyo pake pamabwera anthu a zida zofufuzira zitsulo, pena ndi agalu, ndipo iwowo ndi amene amatsimikiza kuti m'munda mwayera.

"Iwowo akatha?"

"Eni munda amabwerera, n'kulima."

"Inu muli kuti?"

Overton anati mwina adzakhala atasamukira kumunda wina, chifukwa makinawo sayenera kukhala chabe.

Apo Felesta anachotsa zotsekera m'makutu zija, nayamba kuyankhula motsitsa mawu, ngati akupereka malipoti a odwala kwa wolowa shifiti. Anati Davide sanafe nthawi ya nkhondo ayi. Anafa nkhondo itatha, atabwerera kwawo. Kunabwera anthu a yunifomu ndi zida zawo, anagwira ntchito m'mbali mwa mudzi, kenaka anaima pamsewu n'kuloza ndi chala kuti kuyambira apa mpaka pamtengo uwo mwayera. Atatero anakwera galimoto yawo. Palibe mmodzi mwa iwo amene anatsika pamsewu kuti ayendemo anthu akuona. Anthu anadikira, akuyang'anana, mvula n'kuyandikira. Mayi awo ananyamula khasu, Davide n'kuwalanda kuti ayambe ndiye.

Overton anafuna kunena kuti masiku ano zinthu zinasintha, kuti pali malamulo, koma anaona kuti si zimene akufunsidwa.

"Sabata yonseyi mwakhala mukundiuza kuti mumaima patali," anatero Felesta. "Mumayesa ndikuopera inu. Kukuoperani ndikukuoperani, musaganize kuti ayi. Koma aja analoza ndi chala aja nawonso ankaima patali."

"Ndiye ndimuuze Bennett kuti sindipita?"

"Sindinatero. Mupite. Koma munda uliwonse umene makina anuwa adutsamo, a zida zawo aja akamaliza, inuyo muvule chibokosicho, muyendemo kuchoka uku kukafika uko, amayi a m'mudzimo akukuonani. Pamenepo ndiye muwauze kuti alime. Ngati simungathe zimenezo, khalani konkuno muzimasula mipopi."

Overton anayang'ana munda uja. Ankadziwa chinthu chimene sanamuuze mkazi wake m'galimoto muja: makinawo sagunda mabomba onse. Pa mayeso aliwonse pankatsala limodzi kapena awiri, ena okwiririka mozama, ena otayidwa m'mbali ndi unyolo osaphulika. Bennett ankawalemba pa kompyuta, n'kumakambirana za kutalikitsa maunyolo. Kufikira tsiku limeneli Overton ankaziona ngati nkhani ya maunyolo basi.

"Yambani ndi uwu," anatero Felesta.

Overton anaseka pang'ono, nati awa ndi abodza, ndi utsi chabe.

"Ndiye chovuta palibe."

Anavula bokosi lija, naliika pamiyala. Khosi linapepuka modabwitsa, ndipo manja anasowa pokhala. Anayenda mpaka pa zikhomo zofiira, nadumpha chingwe.

Nthaka inali yofewa kuposa mmene ankaionera ali kuseri kwa chishango. Nsapato inalowa mpaka m'kakolo. Ankadziwa bwino lomwe kuti pansipo palibe chopha munthu, anaona yekha Bennett akukwirira zidolezo, komabe phazi lililonse linkakana kutsika mpaka alikakamize. Anayesa kuyenda msanga, analephera. Anayesa kuyang'ana kutsogolo, maso anabwerera okha pansi. Pakati pa munda chidendene chinagunda chinthu cholimba. Anaima chilili, mwendo umodzi kutsogolo, thukuta likutsika mumsana, osafuna kuponda kapena kunyamula phazi. Patapita kanthawi anawerama, nakanda dothi ndi chala. Inali nyundo yoduka ku unyolo. Anaitola, napitiriza.

Kumbuyo anamva Bennett akufuula, kufunsa kuti akuchita chiyani m'menemo popeza mundawo sanaufufuze. Overton sanacheuke. Anamva Felesta akuyankha m'Chingelezi, ndi mawu ake a kuntchito aja, kuti amusiye amalize, ndipo akamaliza, Bennettyo awauze tsiku lonyamuka chombo chifukwa pali zovala zofunika kugula.

Kumapeto kwa munda kunali kukadali patali. Overton anasinthira nyundo ija kudzanja lina, naponda kutsogolo.