Khungu la Ramla

Zaituni anaviika nsalu m'madzi otentha, kuifinya, n'kuidinikiza pamsana pa mng'ono wake Ramla. Ankamuthowa m'bafa ya udzu kuseri kwa nyumba, monga amachitira aliyense kunyanja ya Chiuta thupi likaphwanya. Atachotsa nsaluyo anangoti kakasi. Khungu lalikulu ngati chikhatho linali litakanirira pansalu, ndipo pamsanapo panangoti psuu.

"Subhanallah! Madziwa ndinawayesa ndi chigongono, sakuwotcha ayi."

"Mwaona chiyani, achemwali?" anafunsa Ramla.

"Palibe. Ingokhala phee."

Linali bodza, ndipo Ramla analimva m'mawu ake. Matendawa anayamba ndi zilonda za m'kamwa, kenako matuza ofewa ongophulika okha. Amalonda a ku Nkaya, amene ankalimbirana matemba ake pathandala loyanikira nsomba, tsopano ankamulambalala n'kumanong'onezana za khate.

Zaituni ndi Ramla anakwera sitima yapamtunda pa Nayuchi mpaka ku Balaka, komwe kunali dokotala wa zapakhungu, a Kachingwe. Iwo anaika chala pamkono wa Ramla, pamalo ooneka abwinobwino, n'kukankha pang'ono. Khungu linasendemuka ngati khoko la mbatata yophika.

"Amuna anu amasodza, mayi?" anafunsa a Kachingwe.

"Eya, a Hamadi ali ndi ukonde."

"Ndiye mumva msanga. Khungu limapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso, maselo. Kuti asabalalike, amagwirana ndi timfundo tamapuloteni, ife timati makadherini. Tsono asilikali a m'thupi mwanu asokonezeka, akumasula timfundoto ngati kuti ndi adani. Ukonde ukamasuka mfundo, mukuudziwa."

"Ndiye si khate?" analowerera Zaituni.

"Iyayi. Dzina lake ndi pemfigasi, ndipo sapatsirana. Koma khungu ndi mpanda. Likatseguka paliponse, madzi a m'thupi amatayika, tizilombo timalowa, munthu amapita tikuona. Kuthowa musiye. Kukhula ndi mwala musiye. Mapiritsi awa tidzachepetsa ndife pang'onopang'ono, inu musadzayerekeze kusiya nokha."

Zaituni anayang'ana manja ake, manyazi atamugwira.

Mankhwala anagwiradi ntchito. Zilonda zinauma, Ramla anayambanso kudya zamchere osagwetsa misozi. Koma walira mvula walira matope: mapiritsi omwewo anamutupitsa nkhope, masaya kuti tutumba, ngakhale mpango sunabise kanthu.

Anthu a padoko, amene anasowa mawu pamene iye ankavutika, tsopano anawapeza.

"Mwezi watuluka masana lero!" anakuwa mayi wina woyanika nsomba, anzake n'kuphulika kuseka.

"Kunenepa kwa mapiritsi timakudziwa ife," anatero wina motsitsa mawu, koma mofuna kuti amveke. "A Hamadi akayezetse."

Hamadi sanali munthu wankhanza, koma anali ndi khutu lofewa. Anayamba kudya atayang'ana kumbali. Tsiku lina akusoka ukonde pakhonde anangoti, "Zilonda zinapola kalekale. Ukumweranji? Kapena pali china chimene sunandiuze?"

Mawu amenewo anamupweteka Ramla kuposa matuza onse. M'mawa mwake anakulunga mapiritsi m'kapepala kapulasitiki n'kuwasomeka kutsindwi. Sanauze munthu. Nkhope inayamba kuphwa, a padoko anapeza wina womuseka, Hamadi anayambanso kumuyang'ana m'maso. Chizungulire chimene chinkamugwira akadzuka anangoti ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala. Kachilonda kamene kanabwerera m'kati mwa tsaya anati wadziluma yekha.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwana wake wamkazi anabwera kuchokera kwa Kalembo kudzaonetsa khanda, mdzukulu woyamba wa Ramla. Pakhomo panadzaza amayi, nthungululu zili pakamwa.

"Agogo abereke mwana tione ngati akukumbukira!" anatero Zaituni akuseka.

Ramla anawerama, anamuika mwanayo kumsana, anakoka chitenje n'kumanga mfundo yolimba pachifuwa monga ankamangira ana ake onse. Anavina naye pabwalo, akudumphadumpha, amayi akuwomba m'manja. Chiyambire matenda anali asanasangalalepo chotero. Anamva kunyowa kumsana, n'kuseka kuti mlendo wamudalitsa ndi mkodzo.

Khanda litagona, analowa m'nyumba ndi Zaituni kuti alitsitse. Zaituni analandira mwana, Ramla anamasula chitenje. Bulawuzi inakana kuchoka. Ataikoka, inamatuka ndi khungu kuyambira paphewa mpaka pomwe panali mfundo. Kumsana, pomwe mawondo a mwana ankakhula, panali zigamba ziwiri zofiira zikuchucha madzi.

Zaituni anagoneka mwana pamphasa mosafulumira. Kunja amayi anali akuimbabe.

"Mapiritsi unasiya liti?" anafunsa Zaituni.

Ramla anangoyang'ana kutsindwi.

Zaituni anakwera pampando, anapapasa m'udzu n'kutsitsa kapepala kaja. Pamenepo Hamadi anasuzumira pakhomo, ndipo kumwetulira kunamuthera.

"Ndiike madzi pamoto, mumuthowe?" anafunsa Hamadi.

"Madzi anuwo ayi, alamu," anatero Zaituni. "Munafuna nkhope yakale, ndi imeneyo mwaipeza. Thamangani mukapeze njinga yamoto timutengere ku Balaka, sitima si ya lero."

"Njinga yamoto? Msewu umenewu? Nanga agwira bwanji, mumugwira pati?" anatero Hamadi.

Zaituni anayang'ana mng'ono wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kufuna malo oti angaikepo dzanja, ndipo anachita mantha.

Anatunga madzi ozizira m'kapu, naika piritsi m'chikhatho cha Ramla. Ramla analiponya m'kamwa, anamwera madzi, anayesa kumeza. Kukhosi kunali kutatseguka kale zilonda. Anatsokomola, piritsi linagwera pamphasa pafupi ndi phazi la mdzukulu wake, lili ndi magazi.

Zaituni analitola, analipukuta ndi nsonga ya mpango wake, n'kumupatsanso.