Galamafoni ya Pakona

"Chotsani manja anu." Mayi anakankha supuni, phala n'kutayikira pabulangeti. Anamuyang'ana Mzime ngati mbala yolowera pawindo. "Ndinu ndani inu? Mwawapititsa kuti amuna anga?"

Mzime, mwana wawo wotsiriza, anatola supuniyo. Chiwaikire bambo m'manda, Mayi anali asanalawe kanthu kupatula timadzi. Milomo inali itang'aluka, maso atalowa m'kati, ndipo dzulo lake anagwa popita kubafa. Ana onse awiri ankakhala kutali. Pafoni bambo ankangoti, "Amayi anu ali bwino, angogonako pang'ono," iwo n'kukhulupirira, poti kukhulupirira sikulira thiransipoti. Zoti Mayi aiwala mpaka nkhope za ana awo anadzaziona okha pamaliro.

Pabalaza Mzime anapeza mlongo wake wamkulu akulongedza mbale za nyimbo m'makatoni. Balazalo linali la magalamafoni, anthu ankangopemphako malo. Bambo ankawatolera kulikonse n'kuwandandalika pamashelefu, pakabati, ngakhale pamwamba pa firiji, malipenga awo amkuwa ali yasa. Ankawapukuta kuposa mmene ankapukutira nsapato zawo, ndipo mlendo ankakhala atapinda zigongono kuopa kugunda chinthu. Chikhalirecho Mzime anali asanamvepo ngakhale imodzi ikuimba. Zinali zokongoletsera nyumba basi.

"Achimwene, sakudyabe," anatero Mzime. "Ine ndikuopa. Tiika anthu awiri mwezi umodzi."

"Mawa tiwatengera kuchipatala."

"Dzana tinayesa. Munaona mmene anakakamirira pachitseko."

Mlongo wakeyo anapitiriza kulongedza, osadzutsa mutu. Nayenso mantha anali atamugwira, kungoti ake ankawabisa m'makatoni.

"Ndikalowa m'chipindamo amabisala kuseri kwa pilo," anatero motsitsa mawu. "Mayi anga enieni. Ndaitana munthu wogula zinthu zakale. Mayi sangakhale muno okha, ndipo zitsulo zonsezi palibe angazisunge."

Wogulayo anafika dzuwa lili paliwombo, bambo wamfupi wa chipewa chofwifwa. Anayendera galamafoni iliyonse, kupukusa chogwirira, kutchera khutu, kupukusa mutu. Zambiri zinali zakufa m'kati, kukongola kunja kokha. Kenaka analoza pakona, pafupi ndi tebulo lodyera. Pakampando panali kabokosi kakuda kopanda lipenga, kokandikakandika, chogwirira chake chokulungidwa ndi kansalu kothimbirira.

"Nanga iyi?"

"Imeneyo mungotenga ngati basela," anayankha mlongo wa Mzime.

Bamboyo anatsegula chivundikiro. Mbale inali kale pamalo pake, yoperepeseka mpaka kutuwa. Anapukusa, n'kuika singano. Kunamveka kaye phokoso longa la mafuta pamoto, kenaka malipenga ndi gitala, nyimbo yovina ya makedzana.

Chitseko cha kuchipinda chinalira.

Mayi anatulukira opanda nsapato, akugwirira khoma. Mzime anadikira kuti akuwa, kapena agwa, ndipo sanadziwe choopsa kwambiri n'chiti.

"Zimitsani," ananong'oneza mlongo wake.

"Ayi, isiyeni," anatero Mzime.

Mayi anawadutsa onse atatu ngati mipando. Anakafika patebulo, n'kukhala pampando woyandikana ndi kabokosiko. Anasolola kathaulo kamene kanali pamsana pa mpandowo, n'kukakoleka pakhosi mosamala. Atatero anatsinzina, n'kuyasamula pakamwa.

Kenaka Mzime anathamangira kuchipinda kukatenga mbale ya phala ija. Anagwada, n'kutapa pang'ono, akuopa kuti dzanja lomwe lija limukankhanso. Mayi analandira, n'kumeza. Analandiranso kachiwiri, chala chawo chikugogoda patebulo motsatira gitala.

Posakhalitsa nyimbo inayamba kukoka mawu, malipenga akulira ngati atopa. Chala chija chinaima. Mayi anatseka pakamwa, zikope zikuphethira, nkhope ikubwerera ku mantha aja.

"Pukusani, achimwene. Msanga."

Mlongo wake anagwada mbali inayo, thayi ikulendewera, n'kugwira pa kansalu kothimbirira kaja. Anapukusa mosazolowera mpaka nyimbo inadzukanso. Itafika kumapeto, anabweza singano poyambira, misozi ikugwera pamalaya. Wogula zakale uja anavula chipewa, n'kutuluka osatsanzika.

Phala linatsika mpaka theka. Mzime anayamba kupuma bwino koyamba chifikire m'nyumbamo. Koma potapanso, Mayi anamugwira pamkono, osatsegula maso. Dzanjalo silinamukankhe. Linangotembenuza supuni pang'onopang'ono mpaka inaloza pakamwa pa Mzime.

"Iyi ndi yanu, bambo," anatero Mayi. "Tsiku lililonse mumangodyetsa ine, inu osadya. Mukuyesa sindikuona?"

Mzime anayasamula pakamwa, n'kulandira. Phalalo linali litazizira kale.