Kadontho Kofiira ka a Fidelis

"Tebulo ili ndiye lalemera ngati linamera mizu," anatero a Barnabas m'kachipinda ka kumbuyo. "Pius, tabwera ugwire mbali iyo."

Judith anamva mawuwo ali pabalaza, pamphasa pomwe anamukhazika chimwalirire mwamuna wake Fidelis. Mtima unali m'mwamba. Anakonza duku, analimasula, analimanganso, koma thupi silinapeze pokhala.

Maliro anali ataikidwa dzulo lake, ndipo tsikuli linali logawa katundu wa malemu, poti a Barnabas, akulu ake a Fidelis, ankafulumira kubwerera ku Katete. Mwambo wake ngodziwika: m'bale aliyense amatengako kanthu kokumbukira, ndipo mkazi wamasiye amakhala pansi chowerama, osatsegula pakamwa mpaka akuchimuna atamumasula. Tsoka lake, Fidelis sanali munthu wa zovala. Masuti ake ndi nsapato zakutha zidendene zinatha abale ambiri akadali chimanjamanja, ndiye maso onse anatembenukira ku kachipinda kaja.

Fidelis ankaphunzitsa sayansi pa yunivesite ku Kitwe. Atapuma ntchito, anzake anatsegula timagolosale, ena anayamba kuweta nkhuku, iye anatseka mawindo a kachipinda kunyumba kwake ku Lubuto n'kuikamo tebulo lachitsulo lokhazikidwa pa machubu a njinga. Pamwamba pake anamangirirapo timagalasi tating'ono ngati mabatani a jasi, ndi kabokosi kotulutsa kuwala kofiira, kowonda ngati ulusi. Chimene ankafuna anachifotokoza kwa mkazi wake kambirimbiri, chakudya chikuzizira. Ankati kuwala kukagunda galasi n'kubwerera, sikunyamukira pamalo penipeni pomwe kwagundapo, kumaterereka pang'ono chammbali, pang'ono zedi koti tsitsi limodzi lingaoneke ngati chipika. Iye ankafuna kuyeza katererekedwe kameneko.

"Ndiye mukayeza mutani nako?" ankafunsa Judith.

"Ndidziwa," ankayankha, ngati kudziwa amadya.

Kunena zoona, Judith ankadana nako kachipindako. Kanamulanda mwamuna masana onse, ndipo kusesamo kunali koletsedwa. Ndiye pamphasapo anadziuza kuti atenge, agawane, mwina n'kuikamo wa lendi. Koma mawu a Leah sankachoka m'khutu. Leah anali wophunzira wa Fidelis, ankabwera mlungu uliwonse kuchokera ku Kitwe, ndipo panthawiyi anali kuseri, akutsuka mbale ndi amayi a ku tchalitchi. Pochokera kumanda anali atanong'oneza kuti ntchito yatsala pang'ono kutha, koma tebulolo likangosunthidwa, zonse zimene malemu analunjikitsa kwa zaka zipita m'madzi, ndipo iye yekha sangazibwezeretse. Mlendo alibe mawu pogawa katundu, choncho Leah anangosiyira pomwepo.

"Timagalasiti tikwanira ana aakazi onse," anamveka Felistas, mlongo wake wa malemu. "Aliyense kake, kom'thumba."

"Tebulo ndiye langa," anatero Pius, mphwawo wa malemu. "Lodulirapo nyama ku msika wa Masala, lilibe linzake."

"Silinyamulika chonchi," anatero a Barnabas. "Katenge sipanala, tiyambe tamasula tinthuti."

Judith sanadziwe kuti waimirira liti. Anangoona amayi a pabalaza akukweza mitu, wina atagwira pakamwa. Anadutsa pakati pawo, nakaima pakhomo pa kachipindako.

"Mayo ine!" anakuwa Felistas. "Dothi silinaume n'komwe, inu mwayamba kale kuyendayenda? Bwererani pamphasa, alamu!"

"Ndikhala," anatero Judith. "Koma ndikhala pano." Anakhaladi pansi pakhomopo, miyendo atatambasula, moti wotuluka ndi katundu akanayenera kumulumpha.

A Barnabas anamuyang'ana. "Ndinkamva kuti akazi a kuno ku migodi ya Kopala amabisira akuchimuna katundu, ndimayesa zonama. Zinthuzi n'zodula, eti?"

"Tengani firiji, alamu. Tengani mipando, ngakhale bedi, ndigona pansi. Izi zokha zikhale kaye. Mng'ono wanu sanamalize ntchito."

"Awe mwandi, iyayi, ntchito ya munthu imathera kumanda."

"Muione kaye, ndiye mumasule." Kenaka anakuwa: "Leah! Tabwera kuno, mwananga."

Leah anabwera akupukuta manja pachitenje. Anagwada, napempha mwaulemu kuti olowa avule nsapato. A Barnabas anang'ung'udza kuti sanabwere ku mzikiti, koma anavula. Mtsikanayo anatseka nsalu yakuda ya pawindo, anayatsa kabokosi kaja, ndipo ulusi wofiira unadumpha galasi ndi galasi mpaka pakompyuta panaoneka kadontho kowala.

"Basi?" anafunsa Felistas. "Achimwene anatisiya n'kumasamala ichi?"

Leah anagwira kamphete kena n'kuyamba kukapotoza pang'onopang'ono. Kadonthoko kanayamba kuzilala, kuzilala, mpaka kanatsala ngati khala lokwiririka phulusa.

"Iwe, ukuthimitsa!" A Barnabas, omwe anagwirapo zamagetsi kumgodi ali mnyamata, anatambasula dzanja. "Chikufa ichi. Leka ndichikweze chiwale bwino."

"Ayi, atate, chonde!" Leah anatchinga ndi mkono, kenaka anachita manyazi n'kuweramitsa mutu. "Pepani. Kukawala kwambiri sitiona kanthu, chifukwa kusunthako n'kochepa kwambiri. Apa pali zosefera ziwiri. Timazipotoza kuti zitsekereze pafupifupi kuwala konse. Kochepa kamene kapulumuka n'kamene kamaonetsa kusunthako, kutakula kambirimbiri. Taonani."

Anakhudzanso kamphete kaja, pang'ono chabe. Kadontho kozilalako kanachoka pakati pa mzere woyera wa pakompyuta, kanasendera kumanzere. Anabweza dzanja, ndipo kanawolokera kumanja. A Barnabas anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda kompyuta.

"Ndiye kuti kakusunthadi," anatero motsitsa mawu. "Nanga kakunjenjemeranji?"

"Ndi anthu akuyenda panjapo. Nthaka ikagwedezeka, tebulo limamva."

"Khalani pansi kunjako!" anabangula a Barnabas, ndipo kadonthoko kanalumpha ngati kaopsedwa. Pius anaphulika kuseka, n'kuzindikira kuti ali pamaliro, anakumeza kusekako. Nyumba yonse inati zii. Anthu amene kwa masiku angapo anali akulira, kuimba ndi kukangana anangoima chilili, mpaka kadontho kanakhazikika.

A Barnabas anaweramuka, anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Ali mwana ankachitanso zomwezi. Timapita kubusa, iye wagona chafufumimba pachitsime, akuyang'ana dzuwa m'madzi. Ndinkam'menya." Anatola nsapato zawo. "Zikhale mpaka mwanayu amalize. Koma za kuimirira kwanu, alamu, mukayankha nokha kwa akuluakulu. Ine sindikakuikirani kumbuyo."

"Ndikayankha," anatero Judith.

Felistas anamulumpha miyendo osamuyang'ana, akudandaula kuti wakwera basi ulendo wonsewo kudzanyozedwa ndi mkazi wobwera. Judith anadziwa kuti nkhaniyi ikafika ku Katete itakula, ndipo mwina sadzam'masula msanga. Anachita mantha, koma kwa nthawi yoyamba chichitikire malirowa mtima unakhala pansi.

Onse atatuluka, kutsala Leah yekha, Judith anadzuka kuti abwerere pamphasa. Anayenda monyang'ama, zidendene m'mwamba, monga ankachitira nthawi zonse akamadutsa pakhomo limenelo. Ngakhale zinali choncho, kadontho kananjenjemera.

"Aa, ndakusokoneza, mwananga. Ndimayesa ndikanyang'ama sizimveka."

"Zimamveka, amayi. Tsiku lililonse." Leah anamuyang'ana. "Malemu ankakudziwani mayendedwe. A wina aliyense ankadandaula nawo, koma anu okha ankachotsa dzanja pachitsulo, n'kunena kuti, 'Ima kaye, amayi ako akudutsa.' Ndiye ankangoyang'ana kadonthoka akumwetulira, mpaka inu mutakafika kukhitchini."

Judith anaima, dzanja lili pachitseko. Zaka zonsezo ankadziona ngati chosokoneza m'nyumba yake yomwe, ndipo mwamuna wosalankhulayo sanamuuzepo ngakhale kamodzi. Mkwiyo ndi chisoni zinam'fikira pamodzi, ndipo misozi imene inkakana kumanda inatuluka yokha.

Anatsitsa zidendene pansi. Anaponda ndi phazi lonse, kamodzi, kenaka kachiwiri, maso ali pa kadontho kofiira kamene kanali kunjenjemera. Leah anachotsa dzanja pachitsulo, nadikira.